Wokwiya asakhale woweruza

Lero ndili ndi funso limodzi: aphungu akaona kuti munthu wawanyoza, kodi ndi bwino kuti amutsekere m'ndende iwo eni, osadzera kukhoti?

Mwina mukuti zoterezi sizingachitike. Zinachitikapo ndithu. M'chaka cha 1955 ku Australia, nyuzipepala yaing'ono yotchedwa Bankstown Observer inalemba kuti phungu wina, Charles Morgan, anakhudzidwapo ndi chinyengo pa nkhani yolowetsa alendo m'dzikomo. Morgan anakadandaula kwa aphungu anzake, ndipo komiti yawo inati cholinga cha nkhaniyo chinali kumuopseza kuti atseke pakamwa.

Pa 10 June chaka chomwecho, Nyumba ya Malamulo inaitana mwini nyuzipepalayo, Raymond Fitzpatrick, ndi mtolankhani wake, Frank Browne. Sanaloledwe kuti loya awalankhulire. Aphungu anavota, basi, amuna awiriwo miyezi 3 kundende. Atathamangira ku khoti lalikulu la dzikolo, oweruza anati sangalowererepo, chifukwa malamulo aakulu a Australia anapatsa nyumbayo mphamvu zofanana ndi za nyumba ya malamulo ya ku Britain.

Taonani bwino apa. Odandaula anali aphungu, ofufuza anali aphungu, opereka chilango analinso aphungu omwewo. Ngakhale pa mpira wa m'mudzi sitilola kuti wosewera amene wapondedwa akhale iye woimba wezulo, si choncho?

Sindikunena kuti nyumba ya malamulo ikhale yopanda mano. Nduna kapena mkulu wa kampani akaitanidwa kuti afotokoze za ndalama za boma, n'kukana kubwera, pafunika chilango. Kupanda kutero, akuba azingoseka. Vuto limabwera mphamvuyo ikakhala yopanda malire.

Ku Australia anaika malirewo m'chaka cha 1987, ndi lamulo lotchedwa Parliamentary Privileges Act. Choyamba, kudzudzula aphungu kapena kuwanenera mawu owawa sikokwanira kuti munthu alangidwe. Payenera kukhala kusokoneza ntchito ya nyumbayo kapena ya phungu. Chachiwiri, ndende siingapitirire miyezi 6. Chachitatu, chikalata chomangira munthu chiyenera kufotokoza zimene walakwa, kuti khoti lithe kuona ngati ndi mlandudi. Mphamvu ija sanaichotse, koma anaimangira mpanda.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Nyumba yathu ya Malamulo nayo inatengera dongosolo la ku Britain, ndipo malamulo aakulu a Malawi amaipatsa mphamvu zoitanitsa munthu aliyense. Kukana popanda chifukwa chomveka ndi kunyoza nyumbayo. Komanso ambirife timalemba maganizo athu pa Facebook tsiku ndi tsiku. Browne ankalemba papepala, ife timalemba pafoni, koma funso ndi lomwe lija: wodzudzula wamkulu atetezedwe ndi ndani?

Pempho langa ndi ili, anzanga. Mukamva kuti wina wapalamula mlandu wonyoza aphungu, kaya kuno kaya kunja, musafulumire kuombera m'manja chifukwa munthuyo simumukonda. Funsani kaye: wasokonezadi ntchito, kapena wangopweteka mitima ya akuluakulu? Wapatsidwa mpata wodziteteza? Chilangocho chili ndi mathero? Khoti lingathe kuchiunika? Mafunso amenewa akateteza munthu amene mumadana naye lero, mawa adzateteza inuyo.