Tsiku Limene Osewera Adakana Kutsika M'basi

 Nkhani yathu ya zamasewero madzulo ano ikunena za mphunzitsi wa timu ya mpira wamiyendo amene zinthu sizikumuyendera bwino, ndi funso loti kodi osewera ake ayenera kumumverabe kapena ayi. Timu ikamapambana funsoli silibuka n'komwe, chifukwa aliyense amafika msanga kokonzekera ndipo mawu a mphunzitsi amalandiridwa ndi manja awiri. Mwambo wa osewera umayesedwa pamene zigoli zasowa, ochemerera ayamba kukuwiza, ndipo mphekesera zawanda zoti mphunzitsiyo masiku ake atha. Kuti timvetse bwino, tiyeni tibwerere ku South Africa m'chaka cha 2010, pamene mpikisano wa chikho cha dziko lonse udachitikira mu Africa kwa nthawi yoyamba.

Timu ya dziko la France idafika kumeneko ndi mphunzitsi wake, a Raymond Domenech, amene adayamba ntchitoyi mu 2004. Mu 2006 iwo adafikitsa timuyi pamasewero omaliza a chikho chomwechi, ndipo idagonja kwa Italy pamapenate. Koma ulemu umenewo sudakhalitse. Pampikisano wa maiko a ku Ulaya mu 2008, France idatuluka m'ndime yoyamba itagoletsa chigoli chimodzi chokha. Ngakhale ulendo wa ku South Africa womwewo udapezeka mochititsa manyazi, popeza mu November 2009 Thierry Henry adagwira mpira ndi dzanja asanaupereke kwa mnzake amene adagoletsa chigoli chotulutsa dziko la Ireland. Pamwamba pa zonsezi, mpikisano usanayambe, zidali zitadziwika kale kuti a Laurent Blanc ndiwo adzatenge mpando wa a Domenech masewero akadzatha. Taganizani, omvera, kapitawo pa esiteti amene antchito onse akudziwa kuti kumapeto kwa mwezi akuchoka. Akalamula kanthu, ndi angati amene angathamange?

Pamaina pokha timuyi idali yoopsa: Henry wa Barcelona, Franck Ribéry wa Bayern Munich, Nicolas Anelka wa Chelsea, ndi kaputeni Patrice Evra wa Manchester United. Koma chidali chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa 11 June adalepherana ndi Uruguay ku Cape Town popanda chigoli. Pa 17 June adakumana ndi Mexico ku Polokwane. Nthawi yopumulira itakwana, kulibe timu idali itagoletsa, ndipo m'chipinda chovalira a Domenech adadzudzula Anelka kuti akuchoka pamalo amene adamuika kutsogolo. Anelka adayankha mwachipongwe. Mphunzitsi adamutulutsa, nalowetsa André-Pierre Gignac, ndipo France idagonja 2-0.

Kufikira apa palibe chachilendo. Kukangana m'chipinda chovalira kumachitika ngakhale m'matimu a pasukulu, ndipo kawirikawiri kumathera momwemo. Koma pa 19 June nyuzipepala ya zamasewero ya L'Équipe idasindikiza patsamba loyamba mawu otukwana amene idati Anelka adanena, mawu amene sitingawatchule pawailesi ino. Anelka adakana kuti sadanene mawuwo monga momwe adalembedwera. Akuluakulu a bungwe loyendetsa mpira m'dzikolo, motsogozedwa ndi a Jean-Pierre Escalettes, adamupempha kuti apepese. Iye adakana, ndipo adamubweza kwawo. Evra poyankhula ndi atolankhani sadadandaule za chipongwecho. Chidamupweteka iye n'chakuti pakati pao padali kazitape amene adatulutsa nkhaniyo kunja.

Tsiku lotsatira, Lamulungu pa 20 June, anthu adasonkhana pabwalo lokonzekera m'tauni ya Knysna, m'mbali mwa nyanja yamchere, kuti aone alendowo akuchita masewero okonzekera. Osewera adatsika m'basi, napereka moni kwa anthu. Kenaka Evra adayamba kukangana ndi a Robert Duverne, mphunzitsi woona zolimbitsa thupi, mpaka a Domenech adachita kuwaleretsa. A Duverne adachoka ali wolusa, nataya kutali wotchi yao yoyezera nthawi. Osewera onse adabwerera m'basi, natseka makatani. Adanyanyala kukonzekera, kutangotsala masiku awiri kuti asewere masewero amene akadatha kuwapulumutsa. Mkulu woyang'anira ulendowo, a Jean-Louis Valentin, adalengeza pomwepo kuti asiya ntchito chifukwa cha manyazi.

Chimene chimandimvetsa chisoni koposa pa tsikuli ndi ichi. Osewerawo adalemba kalata yofotokoza kuti sakugwirizana ndi kuchotsedwa kwa Anelka, ndi kuti bungwe lidaweruza potengera zolemba nyuzipepala. Koma palibe mmodzi mwa iwo amene adatuluka kudzaiwerenga. Amene adaima pamaso pa atolankhani a dziko lonse ndi pepala m'manja adali a Domenech eni ake. Munthu amene adachitidwa chipongwe ndiye adasanduka mthenga wa omuukira. Akuluakulu adati mutu ukakula sulewa nkhonya, komabe nkhonya iyi sadayenere kuilandira. Akadaibweza kalatayo m'basi ndi kunena kuti mwini mawu atuluke adzanene yekha.

Tsono tiweruze bwanji? Ena mwa inu mukuti mphunzitsiyo adali atalephera kale, ndipo simukunama. Kasankhidwe kake ka osewera kadali kodabwitsa, ndipo iyenso sadali chitsanzo cha ulemu nthawi zonse. Pa 22 June ku Bloemfontein, France itagonja 2-1 kwa South Africa, a Domenech adakana kugwirana chanza ndi mphunzitsi mnzao, a Carlos Alberto Parreira. Bungwe nalo lidalakwa posunga munthu amene lidaleka kumukhulupirira, n'kumutumiza kunkhondo litamulanda mkondo. Osewera adali ndi chifukwa chodandaulira.

Koma kukhala ndi dandaulo sikupatsa munthu ufulu wonyanyala ntchito imene dziko lamutuma. Ulamuliro wa mphunzitsi suchokera ku nzeru zake zokha ayi. Umachokera ku mpando umene adapatsidwa, ndipo mpando umenewo ulipo chifukwa anthu khumi ndi mmodzi sangasewere mpira umodzi aliyense akutsata maganizo ake. Payenera kukhala munthu mmodzi wonena kuti uyu ayambe, uyu adikire, uyu atuluke. Munthuyo akhoza kulakwitsa, ndipo akalakwitsa alipo omuchotsa, amene adamulemba ntchito. Wosewera ali ndi khomo logogoda: kaputeni, msonkhano wa timu, akuluakulu a bungwe. Akasiya makomo onsewa nasankha kumvera mphunzitsi pokhapokha pamene wagwirizana naye, ndiye kuti wadziika yekha pampando. Ndipo taonani amene adalangidwa ndi kunyanyala kuja. A Domenech adali paulendo kale. Olangidwa adali anthu amene adalipira ndalama zao kuwoloka nyanja kudzachemerera, ndi ana amene adaima padzuwa ku Knysna kudikira kuona akatswiri.

Pali chinthu china chimene ambiri sachidziwa. Malamulo a mpira sapatsa woyimbira mphamvu yotulutsa wosewera amene wakana kusinthidwa. Amangonena kuti masewero apitirire. Kutanthauza kuti mphunzitsi akakweza dzanja kuitana wosewera, alibe chomukakamizira koma ulemu wokha. Izi zidaoneka pa 24 February 2019 pabwalo la Wembley ku London, pamasewero omaliza a chikho cha League Cup pakati pa Chelsea ndi Manchester City. Mphunzitsi wa Chelsea, a Maurizio Sarri, adali pamoto, poti masabata awiri m'mbuyomo City yomweyo idawathira zigoli 6 kwa duu. Chakumapeto kwa nthawi yoonjezera adafuna kutulutsa goloboyi Kepa Arrizabalaga, amene adaoneka kuti wavulala, kuti alowe Willy Caballero. Kepa adangobaibitsa dzanja, nakana kutuluka. A Sarri adakalipa, adatsala pang'ono kuchoka pabwalo, koma palibe chimene akadachita. Chelsea idagonja pamapenate 4-3.

Kusiyana kwake kudali pa zimene zidatsatira. Kepa adapepesa. Timu idamudula malipiro a sabata imodzi, ndipo pamasewero otsatira ndi Tottenham a Sarri adamukhazika pansi, Caballero n'kukhala pagolo, Chelsea n'kupambana 2-0. Chilango chitatha adamubwezera pamalo pake. M'mwezi wa May chaka chomwecho timuyi idatenga chikho cha Europa League pogonjetsa Arsenal 4-1 ku Baku, Kepa ali pagolo, a Sarri ali pampando. Akuluakulu a timu adaima kumbuyo kwa mphunzitsi wao pa nthawi imene adali wofooka, ndipo nkhani idatha m'masiku ochepa.

Ku France bala lidatenga nthawi. Timu idabwerera kwao ndi pointi imodzi ndi chigoli chimodzi. A Escalettes adatula pansi udindo, ndipo iwo pamodzi ndi a Domenech adaitanidwa kukafotokoza pamaso pa aphungu a Nyumba ya Malamulo. A Blanc atayamba ntchito adasiya osewera onse 23 pamasewero ao oyamba, amene adali ndi Norway. Mu August 2010 bungwe lidaletsa Anelka kusewera masewero 18 a timu ya dziko, Evra 5, Ribéry 3, ndipo Jérémy Toulalan amodzi. Anelka sadavalenso malaya a dziko lake. Mmodzi mwa anyamata amene adakhala m'basi muja, goloboyi Hugo Lloris, adadikira zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mu 2018 ku Moscow ndiye adanyamula chikho cha dziko lonse ngati kaputeni, France itagonjetsa Croatia 4-2, mphunzitsi ali a Didier Deschamps.