TETE, DOKO LA PA ZAMBEZI

Nkhani ya madzulo ano ndi ya mzinda wa Tete, umene uli m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi m'dziko la Mozambique. Omvera ambiri a ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe audziwa mzindawu monga mlendo adziwira mudzi umene anangopemphamo madzi akumwa. Basi yocokera ku Blantyre ikapyola cipata ca Mwanza ndi Zobue, itsikira m'cigwa cotentha, niwoloka mtsinje, nilunjika ku Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge. Zimene apaulendo akumbukira ndi thukuta, mbuzi ndi milambe.

Koma Tete ndi mzinda wakale ndithu. Apwitikizi anakhazikapo malo ao ca m'ma 1531, pofuna golidi wa m'dziko la Mwene Mutapa. Ngalawa zinkakwera mtsinje zitasenza nsaru ndi mikanda, ndi kutsika ndi golidi, minyanga ya njobvu yocokera m'maiko a Undi ndi Kalonga, ndiponso, cinthu comvetsa cisoni, anthu ogulidwa ukapolo. Kucokera ku Tete komweko Lacerda ananyamuka mu 1798 kupita kwa Kazembe, kumene anakamwalira.

David Livingstone anafikako mu March 1856, nasiyako Amakololo ace oposa 100. Mu 1858 anabweranso ndi sitima yace Ma Robert, ali ndi cikhulupiriro cakuti Zambezi adzakhala mseu waukuru wolowera pakati pa Africa. Kumtunda kwa Tete anapeza mathithi a Kebrabasa, kumene madzi athamanga pakati pa matanthwe, ndipo sitima inalephera. Pamenepo anatembenukira ku mtsinje wa Shire, nafika ku nyanja ya Malawi mu 1859. Ena mwa Amakololo a Livingstone, monga Kasisi, Katunga ndi Mlauli, anadzakhala mafumu m'cigwa ca Shire. Munthu angathe kunena kuti miyala ya ku Kebrabasa inalembako mbiri ya Malawi.

Pofuna kuzindikira cimene Tete anasowa, nkoyenera kuyang'ana mzinda wina wa kutali, Chongqing wa ku China. Mzindawo uli pamene mtsinje wa Jialing uthira mu Yangtze, makilomita oposa 2,000 kucokera ku nyanja yamcere, ndipo nawonso ndi wochuka cifukwa ca kutentha ndi ndiwo za tsabola wambiri. Kunsi kwace kunalinso zigwa zopapatiza zoopsya kwa amalinyero. Pomanga damu la Three Gorges, anthu a ku China anamangaponso zipata za madzi zisanu zosanjikizana ngati makwerero, zimene zinatsegulidwa mu 2003, kotero kuti sitima zazikuru zikwera kufikira mu mzinda. Kumeneko apanga magalimoto, makompyuta ndi njinga zamoto, zina za izo ziri m'miseu ya kuno ku Africa.

Zambezi sanacite mwai wotere. Tete ali pafupi ndi nyanja kuposa Chongqing kasanu, koma mtsinje wace ndi wotambalala ndi wosaya, mcenga usuntha caka ndi caka, ndipo m'cilimwe sitima yolemera itsakamira. Ulalo wa njanji wa Dona Ana utatsegulidwa mu 1935, ndi njanji itafika ku Moatize mu 1949, katundu anayamba kuusiya mtsinje. Damu la Cahora Bassa, limene linatsekedwa mu 1974 pa mathithi omwe aja anabweza Livingstone, linamangidwira makamaka magetsi. Liribe cipata ca sitima. Magetsiwo ayenda pa nthambo makilomita 1,400 kufikira ku Apollo, kumwera kwa Pretoria, nalowa m'nthambo za dziko la South Africa. Cotero mwana wa ku Dedza wokhala ku Atteridgeville angakhale akusita malaya ace ndi mphamvu ya mtsinje umene anauwoloka pa basi, pamene midzi yambiri ya m'cigawo ca Tete igona mu mdima.

Cuma cacikuru ca masiku ano ndi malasha a ku Moatize, tsidya lina la mtsinje. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kukumba mu 2011, ndipo mzinda unadzaza ndi alendo, nyumba zogona ndi magalimoto. Kampani ya Rio Tinto inagula mgodi wa Benga ndi ndalama zoposa madola 3 biliyoni, iri ndi maganizo otsitsa malasha pa mabwato kufikira ku nyanja. Boma linakana, ndipo mu 2014 kampaniyo inagulitsa zonse pa madola 50 miliyoni okha. Zambezi anagwiritsa mwala Azungu kaciwiri. Malasha ayenda pa njanji, ambiri a iwo kupyola m'Malawi pa Nkaya, Liwonde ndi Nayuchi kupita ku Nacala. Ndipo mu 2022 Vale inagulitsa mgodi wace kwa kampani ya Vulcan ya Amwenye.

Eni nthaka ndiwo ali ndi mlandu wosatha. Mabanja mazana ambiri anasamutsidwira ku Cateme, kutali ndi mtsinje ndi msika. Anadandaula kuti nthaka ndi yamiyala ndi kuti nyumba zatsopano zinang'aluka, ndipo mu January 2012 anatseka njanji kuti amveke. Munthu amene anazolowera kuumba njerwa ndi kulima dimba la m'mbali mwa madzi sakhuta ndi denga la malata lokha.

Mlendo wofuna kuuona mzindawu acite bwino kufika mu June kapena July, pakuti mu October dzuwa lipyola madigiri 40. Adzaona ulalo wolenjekeka wa Samora Machel, womalizidwa mu 1973, ndi wina wa Kassuende wa mu 2014. Adzaonanso linga lakale la Apwitikizi, ndi kumtunda pang'ono chalichi ca Boroma cimene anamanga ansembe a Cijezuiti. Pa msika sadzasowa womasulira, pakuti Cinyungwe ndi mbale wace wa Cinyanja, ndipo kumpoto ku Angonia ndi ku Macanga gule wamkulu abvinidwa monga ku Dedza ndi ku Katete. Pamenepo adzagula masau, malambe, nsomba za pende ndi kapenta wa ku Cahora Bassa, ndi nyama ya mbuzi yoocha imene anthu a ku Tete anyadira kuti iposa ya kwina konse.