Usiku wa Chisanu ku England: Mau Oyankhulidwa pa Msonkhano Wathu wa Pachaka



Pamene a Mlembi anandilembera kuti ndidzanenepo mau pang'ono za moyo wa kunja, ndinadziwa kuti ambiri a inu mukuyembekeza kumva za mapaundi. Pepani, ine ndabwera ndi nkhani ya chisanu. Mukukumbukira mwezi wa June kugonero, mphepo ikulowera pa mawindo osweka, belu la mbandakucha litalira, ife tikukankhana kuti wina ayambe kukhudza madzi? Tinkati tazunzika. Koma chisanu chimene chija chinkatha dzuwa likakwera. Cha ku England, kumene ndakhala zaka zambiri ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, chimaumitsa madzi m'mipope, ndipo munthu wogona panja chimatha kumupha.

Chimapha mwakachetechete. Thupi la munthu limatentha madigiri 37. Kutenthako kukatsika kupitirira 35, munthu amanjenjemera kwambiri. Kukatsikabe kunjenjemera kumaleka, nzeru zimasokonekera, tulo timabwera. Amene wamwa mowa amadziona ngati wafunda, chonsecho ndiye akutaya kutentha msanga kuposa mnzake.

Mwina wina afunsa kuti, kodi dziko lolemera chotere lili ndi anthu ogona panja? Alipo. Chaka ndi chaka makhonsolo amapereka chiwerengero cha anthu ogona panja pa usiku umodzi. Mu 2010 anali 1,768 mu England monse. Mu 2017 anafika 4,751. Lamulo la za nyumba la 1996 limakakamiza khonsolo kupezera malo banja la ana, mayi woyembekezera, kapena munthu amene matenda kapena ukalamba wamufoola. Mwamuna wayekha wathanzi amapatsidwa uphungu ndi chithandizo china, koma chipinda ayi. Mlendo amene chiphaso chake chimamuletsa kulandira thandizo la boma, kapena amene chiphaso chinamuthera, ndiye ali kutali zedi.

Tsono m'nyengo yozizira kwambiri pali dongosolo lapadera limene mwachidule amalitcha SWEP. Palibe lamulo lokakamiza khonsolo kukhala nalo; khonsolo iliyonse imalemba lakelake, pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti munthu asafere pa msewu. A zanyengo akalosera kuti kuzizira kufika pa ziro, pamene madzi amauma, ofesala wa za nyumba amalengeza masana kuti dongosolo layamba. Mabungwe othandiza ndi mipingo amatsekula maholo, amayala mabedi opinda, amatereka supu ndi tiyi. Khonsolo imalipira zipinda m'mahotela ang'onoang'ono. Antchito ake ndi a mabungwe amayenda usiku ndi m'mamawa pa makomo a masitolo, pansi pa milatho ndi m'malo oimikamo magalimoto. Munthu wamba akaona wina atagona panja amadziwitsa a StreetLink pa intaneti, njira imene inakhazikitsidwa mu 2012, ndipo uthengawo umafika kwa oyenda usiku aja. Malangizo a dongosololi amati alowe aliyense, kaya ndi wa mzinda womwewo kaya ndi wobwera, kaya mapepala ake ali bwino kaya ayi.

Koma pali nkhani ya masamu imene inandikwiyitsa nditangoimva. Kwa zaka zambiri makhonsolo ochuluka ankadikira kuti a zanyengo alosere kuzizira kwa pa ziro kwa usiku utatu wotsatizana. Ukakhala usiku uwiri wokha, zitseko zinali zotseka, ngati kuti thupi la munthu limadziwa kuwerenga mpaka atatu. Mu December 2017 meya wa London, a Sadiq Khan, anagwirizana ndi makhonsolo onse a mzindawo kuti malo azitsekulidwa pa usiku woyamba womwe. Ndinaona kuti chimene chinasintha si ndalama yochuluka ayi, koma nambala imodzi pa pepala, ndipo anthu anagona m'nyumba chifukwa cha nambala imeneyo.

Kumapeto kwa February 2018 kunabwera mphepo yochokera ku Siberia imene manyuzipepala anaitcha Beast from the East, ndiye kuti chilombo cha kum'mawa. Chipale chinatseka misewu, masitima anaima, masukulu anatsekedwa. Mpingo umene ndimapemphera, mu mzinda wina wa kumpoto, unapereka holo yake ku khonsolo, ndipo ine ndinadzipereka kuthandiza usiku ndikaweruka kuntchito. Usiku woyamba ndinatsagana ndi mayi wina wa gulu loyenda m'misewu. Kuseri kwa sitolo ina tinapeza bambo atadzipinda m'makatoni. Mayiyo anamuyankhula m'Chingelezi, iye n'kumangopukusa mutu. Potembenuka anadziguguda pa khoma, ndipo ndinamumva akuti, "Mayo ine!"

Anzanga, miyendo inandilefuka. Ndinagwada pa chipale paja n'kunena kuti, "Achimwene, muli bwanji?" Anandiyang'ana nthawi yaitali asanayankhe. Anali munthu wophunzira, woyankhula mwaulemu, amene anapita kukachita maphunziro, ndalama n'kumuthera, chiphaso n'kutha, ndipo manyazi anamuletsa kuuza abale ake kuno kumudzi. Ndinamuchonderera kuti tipite ku holo. Iye anati, "Achimwene, mukandilemba dzina, mawa ndikwera ndege ndili m'maunyolo."

Mantha akewo sanali opanda maziko. Miyezi iwiri yokha m'mbuyomo, mu December 2017, Khoti Lalikulu linali litagamula kuti boma linkaphwanya lamulo pothamangitsa m'dzikomo nzika za maiko a ku Ulaya chifukwa chongopezeka zikugona panja, ndipo zinali zitamveka kuti mbiri ya anthu ena ogona panja inkafika ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko. Nkhani yotere imayenda msanga m'misewu. Usiku umenewo anakana. Munthu wanzeru zake sungamunyamule mokakamiza, kotero tinamusiyira thumba logonamo, chipewa ndi tiyi wotentha. Ine sindinagone. Mawa lake ndinapitanso nditaphika nsima ndi nyemba m'kontena, ndipo nditamulonjeza kuti ndikhala pambali pake mpaka kucha, anadzuka. Zala za kumapazi zinali zitachita dzanzi, ndipo namwino amene anabwera ku holo anamutumiza kuchipatala m'mawa.

Chimene chimandiwawa ndi chakuti patapita masiku ochepa chipale chinasungunuka, uthenga unabwera wakuti dongosolo latha, mabedi tinapinda. Amene malamulo amawalola anayamba kufufuziridwa malo okhalitsa. Mbale wathu uja malamulo sankamulola. Tinasonkherana a kwathu amene tili mu mzindawo, wina anamupatsa pogona pa balaza, ndipo bungwe lina lopereka uphungu wa zamalamulo linatenga nkhani yake. Ena amene tinagona nawo m'holomo anabwerera ku makatoni awo. Ofesi ya boma yowerengera anthu inati m'chaka cha 2018 anthu osowa pokhala pafupifupi 726 anamwalira mu England ndi Wales, amuna pa zaka 45 tikawerenga mwapakatikati, akazi pa zaka 43. Ambiri a iwo sichinali chisanu chimene chinawatenga, koma mankhwala ozunguza bongo, mowa, matenda ndi kudzipha, zinthu zimene sizidikira kuti kuzizira kufike pa ziro.

Bambo Wapampando, ndikudziwa kuti m'chipinda muno muli makolo amene ana anu ali ku England, ndipo ena a iwo papita nthawi asanaimbe foni. Muwauze kuti usiku wa chisanu asachite manyazi kugogoda pa holo ya khonsolo kapena ya mpingo. A nthambi yathu ya kumeneko tasiya manambala athu kwa a Mlembi. Amene muli ndi mwana wosamveka mundipeze tikamadya nkhomaliro, mundipatse dzina ndi mzinda umene munamumva komaliza.