Sankhani Masewera Amene Mtima Wanu Ukonda



Tsono takolola, chimanga chiri m'nkhokwe, khasu lapuma. Kufikira mvula idzagwe, ambiri a ife tidzangokhala pakhonde kapena ku mowa. Thupi lozolowera kulima likakhala chabe miyezi inai limalemera, ndipo nthenda za shuga ndi kuthamanga kwa magazi, zimene kale tinkati n'za m'tauni, zafika ndi kumidzi komwe. M'chaka cha 2020 bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza kuti munthu wamkulu azilimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiko kunena theka la ola pa masiku asanu. Koma silinalamule kuti tonse tizithamanga kapena kumenya mpira.

Ine pamene ndinali ku sekondale ankatithamangitsa mtunda wautali m'mamawa, wochedwa namalandira chilango. Ndinathamanga zaka zinai ndi mtima woŵaŵa, ndipo tsiku lomaliza sukulu ndinalekeratu. Koma ikalira ng'oma ya beni ndimavina mpaka dzuŵa kuloŵa, thukuta kamukamu, osadziŵa kuti ndatopa. Thukuta lake ndi lomwelo, abale, koma uku ndimapita ndekha wosandituma.

Taonani magule athu. Beni ndi malipenga anabwera ndi asilikali ochokera ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918, amene ankatsanzira perete wa ku usilikali. Palibe analamula Ayao a ku Mangochi kapena Atonga a ku Nkhata Bay kuti awasunge. Anawasunga chifukwa anawakonda. Amai amene amavina chioda kapena chimtali, ndi abambo opalasa njinga kukacheza kwa abale, onsewo akulimbitsa thupi. Wokonda mpira amenye mpira, koma asaseke mnzake wovina.

Ndi ntchito za manja chimodzimodzi. Wina amakondwa poumba mbiya, wina poluka mphasa ndi madengu, wina posema mipini. Alan Namoko wa ku Thyolo, amene anamwalira mu 1995, anali wosaona, koma anagwiritsa banjo yake mpaka nyimbo zake zinamveka dziko lonse la Malaŵi. Chifukwa chake ndikupemphani inu makolo: mwana akamakhoma gitala wa chigubu, kapena kupinda galimoto ya mawaya, musamthyolere ndi kumunena waulesi. Ayambe watha ntchito ya pakhomo, inde, koma pambuyo pake mlekeni.

Amene sadziŵa chimene akonda ayese chimodzi kwa mwezi, chikamkana ayese china. Palibe manyazi pamenepo. Amene ali ndi nthenda ya mtima kapena kupuma movutika ayambe wafunsa ku chipatala. Ndipo inu mafumu, anyamata akabwera kudzapempha malo olambulapo bwalo, chonde apatseni malo osatalikira mudzi, kuti atsikana ndi amai omwe athe kufikako.