KANEMA AMENE ANAKANIDWA TSIKU LOYAMBA

Ine ndine mlimi wa mbatatesi, sukulu ndinalekeza kupulayimale, koma lero ndiloleni ndiyankhulepo za kanema.

Tsiku lina nditagulitsa matumba anga ku Ulongwe ndinalowa m'kanyumba ka vidiyo. Amaonetsa kanema woopsa wa ku America, dzina lake The Thing, wa m'chaka cha 1982, amene anakonza John Carpenter. Nkhani yake ndi ya amuna 12 okhala ku Antarctica, dziko la madzi oundana. Kumsasa kwawo kunathawira galu, osadziwa kuti ndi chilombo chimene chimameza munthu n'kuvala nkhope yake. Basi aliyense anayamba kukayikira mnzake, mpaka kuyesana magazi ndi waya wamoto. Pomaliza patsala anthu awiri, msasa ukuyaka, angoyang'anana, ndipo kanema wathera pomwepo.

Abale, tinakwiya! Anyamata ena anafuula kuti atibwezere ndalama, poti wopambana sanaoneke. Inenso ndinatuluka ndikutukwana.

Nditafotokozera mphwanga amene amawerenga Chingerezi, anafufuza pafoni n'kundiuza kuti ku America nakonso anaukana. Olemba m'manyuzipepala anati ndi wonyansa, wangodzaza magazi, ndiponso anthu ake sakugwira mtima. Anawonongerapo madola pafupifupi 15 miliyoni, koma m'nyumba za kanema za kumeneko anapeza osakwana 20 miliyoni. China chinaupweteka ndi nthawi. Unatuluka pa 25 Juni, patangopita masabata awiri chitulukire E.T., kanema wa kachilendo kofatsa kokondana ndi ana, ndipo anthu anakhamukira kumeneko. Ife alimi tikudziwa zimene zimachitika ukafika pamsika mnzako atadzaza kale malo. Carpenter anachotsedwa ngakhale pa ntchito ya kanema wina amene anayenera kukonza.

Koma utatuluka pa matepi a vidiyo, anthu anauonera kunyumba modekha, kawiri katatu, n'kusintha maganizo. Lero amauika m'gulu la makanema oopsa abwino kwambiri. Kanemayo sanasinthe, anasintha ndi oonera.

Ine ndinasintha chaka chimene m'mudzi mwathu munamwalira ana awiri motsatizana. Anthu anayamba kulozana zala za ufiti, apachibale kuleka kudyerana nsima. Ndinakumbukira amuna aja pamoto, ndipo ndinazindikira kuti chimene ndinatukwana tsiku lija chinali choona: kukayikirana sikukhala ndi wopambana.

Tsono ife a kalabu ndifenso oweruza. Timamvera pulogalamu, timakambirana, n'kutumiza maganizo kuwailesi, ndipo mawu athu angathetse pulogalamu. Pempho langa ndi lakuti tisanalembe kuti "iyi njoipa", tidzifunse: kodi njoipadi, kapena yangotiuza zimene sitinafune kumva? Tiimvere kachiwiri. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.