Chizindikiro cha Malonda: Fungo ndi Dzina la Mbewu Zathu Zisakhale za Munthu Mmodzi



Nandolo wathu akachoka pamsika pano amalowa m'thumba la venda, mawa ali m'paketi yolembedwa dzina la kampani. Wogula ku Blantyre sadziwa kuti analima ndi ife. Tasankha bwino, taumitsa bwino, koma wotchuka ndi mwini paketi. Nkhani yathu lero ndi imeneyi.

Kwa zaka zambiri dziko lino linkayendera lamulo la zizindikiro za malonda la m'chaka cha 1957, la nthawi ya atsamunda. M'chaka cha 2018 kunabwera lamulo latsopano. Lamuloli likulola kulembetsa ngakhale chizindikiro chosaoneka ndi maso, ndipo chikalembetsedwa chimatetezedwa zaka 10, kenaka mumakalembetsanso. Musadabwe. Ku America kampani ya mafilimu ya MGM inalembetsa kubangula kwa mkango, ndipo mu 2018 fungo la dongo loseweretsa ana la Play-Doh linalembetsedwanso. Ku Ulaya khoti linakana fungo mu 2002 pa mlandu wa Sieckmann chifukwa silinkatheka kulongosoledwa momveka papepala, koma mu 2017 iwo anachotsa lamulo loti chizindikiro chizijambulika. Zinthu zikusintha, ndipo ife tikuona kuti kunonso zisintha.

Apa ndiye tiyenera kutsegula maso. Taganizani za mpunga wa Kilombero wa ku Karonga. Mayi akauphika, anthu a nyumba yoyandikana amadziwa. Fungo limenelo ndi la mpungawo, ndi la dothi ndi alimi a kumeneko. Silinapangidwe m'fakitale. Maiko ambiri salola kulembetsa fungo lomwe ndi chibadwa cha chinthucho, ndipo tikupempha boma ndi makhoti athu kuti agwiritse mfundo imeneyi mwamphamvu. Wandalama asadzatseke pakamwa alimi ponena kuti fungo, mtundu wa thumba kapena kaonekedwe ka botolo kodziwika kale m'midzi ndi kake.

Koma lamulo lomweli latipatsanso khasu m'manja. Muli chizindikiro cha gulu, chomwe mwini wake ndi kopaletivi kapena bungwe, ndipo membala aliyense wotsata malamulo a gululo amachigwiritsa ntchito. Mulinso chitetezo cha dzina la dera komwe mbewu imachokera. Ethiopia inalimbana ndi Starbucks pa maina a khofi wa Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe mpaka anagwirizana mu 2007. Tiyi wa Rooibos wa ku South Africa anatetezedwa ku Ulaya mu 2021. Anzathuwo sanachite mwamwayi, anayamba ndi kugwirizana pa kalimidwe ndi kasankhidwe.

Ifenso tiyambire pomwepo. Kalabu yosalembetsedwa, yopanda malamulo olembedwa, idzavutika kukhala mwini chizindikiro. Ndipo tinene chilungamo: ngati ena mwa ife tipitiriza kuthira mchenga kapena madzi m'thumba kuti lilemere, chizindikiro chidzangolengeza manyazi athu.

Ku boma tikupempha kuti ndalama zolembetsera za magulu a alimi zikhale zochepa, mafomu akhale m'Chichewa, ndipo zizindikiro zomwe ena akufuna kulembetsa zizilengezedwanso pawailesi, osati m'gazeti ya boma yokha, kuti tizitha kutsutsa nthawi isanathe. Alembi a makalabu, pamsonkhano wotsatira mubwere ndi malamulo a kalabu yanu ndi maina a mamembala.