TIIDZIŴE MIYALA YATHU

Lero tikambirana za miyala. Mwina ena mukuti, "Miyala ili ndi nkhani yanji? Si yomwe imatibunthitsira makasu kumundayi?" Inde, ndi yomweyo. Koma pakati pa miyala pali ina yokongola ndi yoŵala, imene anthu amaika pa mphete ndi pa ndolo. Imeneyi timaitcha miyala ya mtengo wapatali.

Kutola ndi kusunga timiyala tokongola ndi ntchito yosangalatsa ya pa nthaŵi yopuma. Sifuna ndalama ayi. Ifuna maso, kudekha, ndiponso luso lija mwaphunzira kusukulu ya kwacha, luso lolemba. Mau anga aakulu lero ndi aŵa: yambani mwaudziŵa mwala musanaganize za mtengo wake. Munthu wosadziŵa mwala ndiye amene amapusitsidwa.

Dziko lathu la Malaŵi lili nayo miyala yotere. Pa phiri la Chimwadzulu, kwa anansi athu a ku Ntcheu, pamapezeka mwala wofiira wotchedwa ruby ndi mbale wake sapphire. Ku Mzimba kuli aquamarine, wooneka ngati madzi a kunyanja. Ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, kuli agate wa mizeremizere. Pa phiri la Malosa pamatuluka mwala wakuda wosongoka wotchedwa aegirine, umene osunga miyala a maiko akutali amaukonda kwambiri. M'boma lathu lino la Balaka muli phiri la Kangankunde. Miyala yake si yovala, koma muli monazite, mwala umene mumachokera zitsulo zopangira maginito amphamvu.

Nanga ife tiyambire pati? Tiyambire pafupi. Mvula ikagwa, madzi amatsuka nthaka ndi kusiya timiyala poyera. Yang'anani m'njira, m'mphepete mwa munda, ndi pa mchenga wa mtsinje wa Rivirivi madzi akaphwera. Mwala umene mudzaupeza kaŵirikaŵiri ndi uja woyera timati nsangalabwi. Ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa quartz. Musaunyoze. Amethyst wofiirira ngati maluŵa a jakaranda, ndi agate wa ku Ngabu uja, onsewo ndi a banja la quartz. Amene wadziŵa nsangalabwi wayamba bwino.

Mukatola mwala, utsukeni ndi madzi. Kenaka uyeseni. Kuyesa kwake ndi kotere.

Choyamba, yesani kulimba. M'chaka cha 1812 munthu wina wa ku Germany, dzina lake Friedrich Mohs, anandandalika miyala monga mwa kulimba kwake, kuyambira 1 mpaka 10. Mwala wolimba umakanda wofeŵa, koma wofeŵa sungakande wolimba. Chikhadabo chanu chili pa 2 ndi theka. Mpeni ndi galasi zili cha pa 5 ndi theka. Quartz ali pa 7, ruby ndi sapphire pa 9, ndipo dayamondi ndiye mfumu, ali pa 10. Tsono tengani botolo lakale. Kandani botololo ndi mwala wanu. Ngati wasiya mzere wosafufutika ndi chala, mwalawo ndi wolimba kuposa galasi. Ngati mpeni ukuukanda mosavuta, dziŵani kuti si quartz, si ruby. Koma kandani pangodya pobisika, kuti mungaononge nkhope ya mwala.

Chachiŵiri, penyani m'kati. Nyamulani mwala kuti kuŵala kudutsemo, koma musayang'ane dzuŵa lenilenilo. Mukaona timathovu tozungulira ngati ta m'sopo, chenjerani! Kaŵirikaŵiri limenelo ndi galasi. Alipo anthu osakhulupirika amene amaswa mabotolo obiriŵira kapena ofiira, nanola zidutswazo, n'kumagulitsa ngati miyala. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chachitatu, dontherezani viniga. Kuno ku Balaka kuli miyala yambiri ya laimu, monga ya ku mapiri a Chenkumbi. Ina ndi yoyera ngati nsangalabwi. Palani pang'ono ndi mpeni, ndipo pa ufawo dontherezani viniga. Ukachita thovu, ndi mwala wa laimu. Quartz sachita thovu.

Chinanso ndi ichi. Mudzapeza mwala wonyezimira ngati golide. Musathamangire kukauza mudzi wonse. Ngati ukusendeka timapepalatimapepala, ndi mica. Ngati ukuphwanyika poumenya ndi nyundo, ndipo ufa wake ndi wakuda, ndi pyrite. Golide weniweni saphwanyika, amangophwatalala.

Tsopano tafika pa ntchito ya pensulo. Mwala uliwonse ukhale ndi nyumba yake. Bokosi la machesi likwanira. Ikanimo kansalu, chifukwa miyala ikakhala pamodzi imakandana. Pa bokosilo lembani nambala. Ndipo m'kope lanu lembani motere:

Nambala 1. Woyera. Ukukanda galasi. Ndinautola pa mchenga wa Rivirivi, mwezi wa Meyi.

Mukuona? Mau ndi ochepa, koma ndi ofunika zedi. Mwala wopanda malo ake olembedwa uli ngati kalata yopanda keyala. Akatswiri a miyala a boma, amene likulu lao la Geological Survey lili ku Zomba, akaona mwala amayamba kufunsa kuti, "Unachokera kuti?" Inu mudzangotsegula kope. Mutu umaiŵala, koma pepala siliiŵala.

Ndisanamalize, ndikuchenjezeni zinthu zinayi.

Musatole m'munda wa mwini musanapemphe. Ngati ndi malo a mudzi, kaonaneni ndi amfumu. Manda ndi nkhalango zotetezedwa zisiyeni.

Musachotse miyala ya panjanji. Miyala imene mumaiona pasiteshoni ya Utale ndi ku Nkaya inaikidwa dala kuti igwire njanji. Kuichotsa ndi kuika miyoyo ya anthu pangozi.

Musakumbe maenje. Dzenje limagumukira wokumba, ndipo nthaŵi ya dzinja limadzaza madzi n'kumiza ana ndi mbuzi. Ife tikutola za pamtunda basi.

Ndipo dziŵani lamulo. Lamulo la migodi la chaka cha 2023 likuti chuma cha m'nthaka chili m'manja mwa boma m'malo mwa Amalaŵi onse. Wofuna kukumba, kugula, kugulitsa kapena kutumiza miyala kunja ayenera kukhala ndi chiphaso cha boma. Mlendo akabwera madzulo ndi kunena kuti, "Ndipatseni msanga, musauze munthu," mufunseni chiphaso chake, ndipo muchiŵerenge nokha. Si mwaphunzira kuŵerenga?

Abale anga, musasiye khasu chifukwa cha miyala. Chimanga ndi thonje ndizo zimadyetsa banja. Miyala yambiri imene mudzatola siidzakupatsani ndalama, koma idzakupatsani nzeru, ndipo wanzeru sagula botolo losweka ndi ndalama za feteleza. Mlungu uno aliyense atole miyala itatu, aiyese, ailembe m'kope. Tsiku la sukulu mubwere nayo, tidzaonetsane ndi kuŵerengerana zimene talemba.